A Sisita Daka, Amene Anatukwana Mwamuna Wanga

Tinawaika mwezi watha a Sisita Daka, ndipo ndinene zoona, maliro osekedwa chotero sindinawaonepo chibadwire. Anthu anadzaza pabwalo la nyumba yawo ku Twapia mpaka kusefukira mumsewu. Ife akum'mawa tinakhala pansi kuti tilire bwinobwino, koma Abemba sanatipatse mpata. Anabwera ndi ufa m'mapepala n'kumatipaka kumaso ndi m'mutu, ngakhale ansembe anawayeretsa ndevu. Chimbuya ndi chimenecho. M'bemba akafa ife timakasokoneza maliro ake, wathu akafa iwo amabwera kudzabwezera. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya kolwe, ndiye pusi wa m'mitengo uja, ndipo palibe amene amaloledwa kukwiya.

Amene anadabwitsa anthu ndi mwamuna wanga. Bashi Malita, ndiye kuti atate a Malita m'Chibemba, ndi M'bemba wa ku Mporokoso, wowotcherera zitsulo, munthu woti ukamuuza nthabwala amayamba wafunsa kuti ukutanthauzanji. Tsiku limenelo anakaima kutsogolo kwa bokosi atanyamula mpani wa mbewa zouma. Analengeza kuti wabweretsa kamba wa paulendo, chifukwa wamva kuti kumwamba kulibe mbewa, ndipo mayi ameneyu akakafika n'kupeza kulibe ndiwo atha kutibwerera. Ana a malemu anaseka misozi ili m'masaya. Osamudziwa anati mkuluyu walawa, chonsecho mowa sauika pakamwa. Ankangobweza chipongwe chimene anachisunga zaka zambiri.

A Sisita anagwira ntchito moyo wawo wonse kuchipatala cha ana kuno ku Ndola, m'wodi ya odwala zifuwa. Anali aafupi, ojintcha, oyenda ngati akuthamangira basi, ndipo mawu awo ankafika iwo asanafike. Anabadwira m'komboni ya mgodi ku Kitwe, atate awo anali a ku Petauke. Mkuluyo anafa ndi fumbi la pansi pa mgodi litamudya mapapo. Za imfa imeneyo a Sisita sankakonda kukamba. Anangondiuza kamodzi kuti atate awo ankatsokomolera m'chipewa kuti ana asamve, ndipo kuyambira pamenepo munthu wobisa chifuwa ankawapsetsa mtima.

Mwana ankamuyang'ana pachifuwa asanamuyang'ane kumaso. Kutchalitchi, pamsika wathu wa ku Mushili, kulikonse, akaona khanda kumsana ankapendeketsa mutu n'kumamvetsera. Akakayika ankauza mayiyo kuti alitsitse, n'kulivundukula malaya kuti aone ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati likamapuma. Tsiku lina ali m'minibasi anapeza khanda lotere. Anauza dalaivala kuti akhote apite pageti la chipatala. Anthu anadandaula kuti achedwa kumaoda, iwo n'kuyankha kuti tomato sanafepo chifukwa chodikira. Dalaivalayo anakhota, kaya chifukwa cha chifundo kaya mantha.

Ankakonda kunena kuti chifuwa ndi nyumba yofuna kusesa tsiku ndi tsiku, ndipo tsache lake ndi kutsokomola. Ankanenanso kuti mankhwala angakupatse dokotala, chakudya angakudyetse amako, koma kupuma palibe angakupumire. Mayi akati ayambe wapita ndi mwana wobanika kumapemphero, sankanyoza pemphero ayi, poti iwonso anali munthu wa kolona m'thumba. Ankangoti apemphere ali m'basi.

Atapuma pantchito ndiye anavuta kwambiri. Nthawi yozizira ya Juni ankayenda m'komboni akununkhiza. Akapeza nyumba yotseka zitseko ndi mawindo, m'kati muli mbaula ndi khanda, sankagogoda kawiri. Mayi wina anamutulutsira mbaula panja ili ndi poto wa nyemba pamwamba, atakulunga manja m'chitenje. Mayiyo anawatukwana mpaka agogo awo a ku Petauke, ndipo anatha nyengo osawapatsa moni. A Sisita sanapepese. Ankangopita kukaona khandalo ngati palibe chachitika, n'kupempha kuti awapakulireko nyemba zija ngati zinapsa.

Sikuti ankalondola nthawi zonse. Kamodzi anagwira bambo wina m'wodi, poganiza kuti ndi M'bemba chifukwa ankalankhula Chibemba, n'kumufunsa kuti mchira wausiya kuti. Bamboyo anali wa ku Zambezi, za chimbuya chathu alibe nazo gawo, ndipo anakawanenera kwa akuluakulu. A Sisita anakapepesa atavala yunifomu yositidwa bwino. Kuchokera tsiku limenelo ankayamba afunsa munthu kwawo asanamutukwane.

Ine ndinawadziwa chifukwa cha Malita, mwana wanga woyamba. Anali m'giredi yoyamba pamene anadwala. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenaka thupi kutentha, kenaka kupuma mothamanga, ndipo kukiliniki anangomuona n'kutitumiza kuchipatala chachikulu. Chinali chibayo, ndipo mafinya anali atadzaza mbali ya kumanja, kukanikiza phapo. Dokotala wake anali mtsikana wa ku Mongu, wofatsa, wolankhula zomveka. Anaboola pakati pa nthiti n'kulowetsa paipi yotsikira m'botolo la madzi pansi pa bedi. Kenaka anandionetsa chithunzi cha ekisire. Phapo la kumanzere linali lotambasuka, la kumanja lili khwinyakhwinya pakona ngati pepala lofinyidwa m'manja.

Anandiuza mosabisa. Mankhwala apha tizilombo, paipi ichotsa mafinya, koma phapolo litambasuka pokhapokha mwana akamakoka mpweya wambiri, kutsokomola ndi kuyenda. Akadzamujambulanso n'kupeza likadali lopindika, ndiye ulendo wa ku Lusaka kukang'amba chifuwa. Mawu oti kung'amba aja anandilowa m'mafupa. Mwana wanga anali wochepa ngati chala, ndiye amung'ambe pati?

Koma Malita anakana. Paipi ija inkamuwawa akangopuma kwambiri, ndiye anaphunzira kupuma pang'onopang'ono ngati kamwanapiye. Anamupatsa baluni kuti afufume, anaiponya pansi. Anamupatsa botolo la madzi ndi kapaipi kuti auzire thovu, anatembenukira kukhoma. Ndinamunyengerera, ndinamulonjeza nsapato, ndinamuopseza, osatheka. Kulankhula komwe anasiya, chifukwa nakonso kunkafuna mpweya.

Ana ena onse a m'wodimo a Sisita anali nayo njira yawo. M'mawa ankayamba agawa mankhwala oletsa ululu, n'kudikira kuti agwire. Akaona kuti nkhope zamasuka, ankasankha mayi mmodzi wa Chibemba n'kumuyamba. Ankamufunsa ngati kwawo mitengo ikadali ndi anthu ake kapena onse anathera mumphika. Abembawo samagona. Wina ankayankha kuti amphaka a ku Chipata akufa ndi njala chifukwa anthu anawalanda ndiwo. Wodi yonse inkafa nalo phwete, ana n'kuseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa, amayi n'kumawasisita kumsana makhololo akutuluka. A Sisita ankayenda bedi ndi bedi akadatukwanabe, koma maso ali pa nthiti za ana. Malita yekha anali chigonere, kuyang'ana khoma.

Tsiku lina a Sisita anandimva ndikulankhula Chinyanja pafoni ndi amai anga. Anabwera n'kundifunsa kuti zatheka bwanji mwana wa munthu wakwathu kukhala ndi dzina lachiwiri loti Bwalya. Ndinati atate ake ndi Abemba. A Sisita anagwira m'mutu ngati amva uthenga wa maliro.

"Amake Malita, amuna anatha kwathu? Nanga mkuluyo amagona pabedi, kapena mumamuyalira mumtengo? Akabwera mundiitane, ndimufunse ngati kolwe wa dzulo anamumaliza."

Ine ndinaseka, koyamba chilowere m'chipatalamo. Kenaka ndinamva bedi likulira kumbuyo kwanga. Malita anali atatembenuka, atadzuka ndi chigongono, maso ali psu. Ndinaona chifuwa chake chikukwera, kukwera, mpaka mapewa.

"Mwabepa! Batata tabalya kolwe!"

Ndiye kuti a Sisita anama, atate ake sadya pusi. Mawuwo anamveka mpaka kuchitseko. Pomwepo chifuwa chinamugwira, anatsokomola akulira ndi ululu, madzi a m'botolo anavina, ndipo m'paipi munatsika mafinya ochuluka kuposa a tsiku lonse ladzulo lake. Ine ndinalumpha kuti ndimugwire, mtima utandiwira kale. A Sisita anandigwira mkono, maso awo ali pabotolo, n'kundinong'oneza.

"Uyu si wa nseko, ndi wa ndewu. Musamuuze kuti ndi nthabwala."

Mwanayo chimbuya sankachidziwa. Titangokwatirana, bashi Malita anapempha kuti za mbewa ndi kolwe zizithera pageti, chifukwa ana adzakhala a mbali zonse ziwiri ndipo zidzawasokoneza. Ndiye Malita anamva mayi wachilendo akunyoza atate ake pagulu, basi. Ndipo kwa iye atate ake anali ngati Mulungu wachiwiri.

Nkhondo inayamba choncho. M'mawa a Sisita ankamupatsa mankhwala a ululu mwaulemu wonse, n'kumufunda bwino, n'kuchoka. Akabwerera ankaima kumiyendo kwa bedi n'kufunsa ngati atate ake mchira amaupinda m'thalauza kapena amaumanga m'chiuno. Malita ankakoka mpweya n'kuwayankha. Mawa lake anaima pakati pa wodi. Kenaka pachitseko, dzanja lili kukhutu, akuti akalamba sakumva, anenenso. Mwana uja ankakuwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka, Chibemba ndi Chinyanja kusakaniza, amayi a Chibemba akumuombera m'manja n'kumamupatsa mawu ena oti aonjezere.

Dokotala uja anabwera kudzadandaula kuti kumapeto kwa wodi kuli makanda a pa okosijeni ofunika kugona, ndipo phokosoli lanyanya. A Sisita anatsutsa, mkangano unakula ndithu, koma dokotala sanasunthe, ndipo ankanena zoona. Madzulo ake a Sisita anagonja mwa njira yawoyawo. Anasamutsira nkhondo pakhonde. Ankaima patsinde pa mzati wa kumapeto n'kumaitana kuti mwana wa kolwe ngati ali ndi mawu abwere adzanene pamaso. Malita anatsika pabedi. Anayenda atapindika, dzanja lili m'nthiti, ine pambuyo nditanyamula botolo m'munsi kuti madzi asabwerere m'chifuwa, ngati wogwira mchira wa diresi ya mkwatibwi.

Musaganize kuti ine zinkandikondweretsa zonse. Kuona mwana wako akulira ndi mkwiyo, thukuta lili kamukamu, si chinthu chopepuka. Tsiku lina ndinawapeza a Sisita kumpopi kochapira n'kuwauza kuti zakwana, mwana wanga si ng'oma. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati iwonso ndi mayi, akudziwa, koma paipi imawawa masiku ochepa pomwe mpeni wa ku Lusaka umasiya chipsera cha moyo wonse. Anati mwanayo awade, bola apume.

Vuto lina linali mwini wake wotukwanidwayo. Bashi Malita ankabwera nthawi ya vizitingi, yoonera odwala, akaweruka, ali m'maovolosi. Tsiku loyamba nkhondo itayamba, a Sisita anamuchingamira pachitseko ndi nthochi, akuti akudziwa kuti mtundu wake sukana. Mwamuna wanga anauma ngati chitsa. Anandikokera pambali n'kundifunsa ngati m'chipatala muno mulibe ofesi yokadandaulako. Ndinamufotokozera zonse, a Sisita nawonso anamufotokozera, ndipo anamvetsa. Koma anati iye zimenezo sachita, aliyense ali ndi chibadwa chake. Nthochi ankailandira mwaulemu n'kuiika pa loka wa pambali pa bedi.

Tsiku lojambulanso litayandikira, Malita anafooka. Mkwiyo nawo umatopetsa. A Sisita ankamuputa, iye n'kungowayang'ana ndi diso lakumbali. Dokotala anamvetsera kumsana n'kunena kuti mpweya wayamba kulowa koma m'munsi mukadali zii. Ndinayamba kuganiza za amene ndidzamusiyire tebulo langa la kumsika ndi ana enawo tikapita ku Lusaka, ndipo ndinauza bashi Malita pafoni zimene dokotala wanena.

Madzulo amenewo mwamuna wanga analowa monga mwa masiku onse, chipewa chili m'manja. A Sisita anamupatsa nthochi yake, koma mopanda mphamvu, nawonso nkhawa inali itawagwira. Iye anailandira. Anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Kenaka munthu uja, mkulu wa komiti ya kutchalitchi, woti ngakhale pa ukwati wathu sanavine, anavula nsapato n'kukwera pampando. Ananjuta pamenepo, anadzikanda m'khwapa, anasenda nthochi ndi mano, n'kufunsa a Sisita m'Chibemba, nkhope ili gwa, ngati ilipo ina, chifukwa abale ake akudikira mumtengo wa mango panjapo.

Malita anayang'ana atate ake, anayang'ana a Sisita, anayang'ananso atate ake. Kenaka kunatuluka kuseka kumene sindinakumvepo, kochokera pansi pa mimba. Anaseka, anatsokomola, analavula makhololo odzaza kambale, anati awawa, n'kuyambanso kuseka. Atate ake akati atsike, iye ankati abwerezenso, ndipo anabwereza mpaka belu la vizitingi. Amayi ena anagwa pansi. A Sisita anakhala pabedi la mwana wina akupukuta misozi, kachipewa kawo katagwera pansi.

Sindinena kuti nthochi ndiyo inachiritsa mwana wanga. Panali majekeseni, panali paipi, panali dokotala wodziwa ntchito yake, panalinso masiku onse aja a kukuwa ndi kuyenda pakhonde. Koma atamujambula, dokotala anakweza chithunzi pawindo n'kundiitana kuti ndione ndekha. Pepala lofinyidwa lija linali litatambasuka pafupifupi kufika kunthiti. Anati za ku Lusaka tiiwale. Ine ndinakhala pansi pa simenti pomwepo n'kulira ndi chimwemwe, manyazi ndinalibe. Paipi anaichotsa patapita masiku, ndipo tsiku lotuluka ndinauza Malita kuti akatsanzike. Anapita, anaima patsogolo pawo manja ali m'chiuno, n'kuwauza kuti iwo amadya mbewa ndi michira yomwe. A Sisita anavomera kuti kumchirako ndiye kokoma.

Kuyambira pamenepo anakhala munthu wa pakhomo pathu. Ankabwera ku Mushili Lamulungu likapita likabwera, ndipo sankalowa asanafunse pageti ngati mwini nyumba watsika kale mumtengo. Bashi Malita sanabwerezenso za pampando zija, ndipo sanawayankhepo ngakhale kamodzi. Ankangowapatsa mpando wabwino, kuwathirira tiyi, n'kunena kuti tsiku lake lidzafika. A Sisita ankati ngati akudikira maliro awo adikira mpaka imvi, ndipo imvizo zinameradi.

A Sisita anafa bwino, atadwala pang'ono, ana ndi adzukulu ali pambali. Malita anabwera kuchokera ku Kitwe kumene amaphunzitsa, ndipo ndimamva kuti akakuwa m'kalasi mwake ana a kalasi yoyandikana nawonso amakhala chete. Pamaliro sanalire. Anati tsiku limenelo iye ndi M'bemba, ndipo ndi amene anandipaka ine amai ake ufa mpaka m'makutu.

Sabata yatha amayi a mphakati wathu tinapita kukaona ana odwala kuchipatala chija, titanyamula sopo ndi malalanje, ndipo Malita anati atiperekeze. Wodi ija inasintha. Okosijeni tsopano amatuluka m'khoma, mabedi ndi atsopano, makoma anapentapo zinyama. Manesi ndi atsikana aulemu, oyenda mofewa, ndipo ana akuwasamala bwino ndithu. Tinapemphera, tinagawa zimene tinabweretsa, kenaka ndinaona kuti Malita palibe.

Ndinamupeza pakhonde. Mzati wa kumapeto uja ulipo, anaupaka utoto wobiriwira, ndipo anamangapo chingwe choyanikira matewera. Pansi pake pali ndowa ya buluu yosambira m'manja. Malita anali ataima pachitseko cha wodi akuyang'ana kumeneko. Anati ankakumbukira ngati mtunda wa kuchoka ku Ndola kukafika ku Kitwe, chonsecho ndi pafupi chonchi. Anayenda, anakagwira mzatiwo, ndipo kulira kumene anakusunga pamaliro kunatuluka konse, mokweza, mpaka nesi wina anasuzumira. Ine sindinamutonthoze. Ndinaika dzanja kumsana kwake, mbali ya kumanja, ndipo ndinamva mpweya ukulowa mpaka pansi, ukutuluka, ukulowanso.

Atatha anapukuta nkhope n'kusamba m'manja pandowa ija. Matewera ankagwedezeka pachingwe. M'kati mwa wodi mwana wina anatsokomola kamodzi, mofooka, n'kusiya, ndipo pamzati paja panalibe womuputa.